Kapu ya Zelifa Idalira Kawiri

Padangotelo. Amene muli nane, khalani nane mpaka nkhani ifike pokhala. Nthano iyi ndidaimva kwa mayi wina wa kumpingo kwathu tikutong'ola chimanga, ndipo ndiyesetsa kuiika monga momwe iye adaiikira.

Padali sukulu ya ana a nyama. Mphunzitsi wamkulu adali a Njati, amene ankakonda kulankhula pagulu kuposa kudya msipu. Ana aang'ono ankaphunzitsidwa ndi Madamu Nkhanga. Wapampando wa komiti ya makolo adali a Nkhandwe, bambo wa mawu ofatsa, wodziwa kupemphera motalika pamisonkhano. Ndiye kuseri, kukhitchini, kudali aNangondo, mayi Likongwe, amene ankaphika phala la ana. Pa maudindo onse a pasukulupo, wawo ndiwo udali wotsiriza. Pa nzeru, nkhani idali ina.

M'mawa uliwonse Madamu Nkhanga akalowa m'kalasi ankati, "Muli bwanji ana inu?" Ana onse ankaimirira n'kuyankha pamodzi, mokoka mawu, kuti ali bwino, kaya aphunzitsi. Madamu ankakhutira, n'kutembenukira kubolodi.

Khitchini idayang'anizana ndi zenera la kalasilo. Ntchito ya aNangondo idali ya pakamwa pa ana, choncho iwo sankamvera mawuwo, ankayang'ana milomo. Adaona kuti mlomo umodzi sugwedera. Udali wa Zelifa, mwana wa Kanungu.

Mayi ake a Zelifa adapita kutali kukadwazika matenda, ndipo mwana adamusiya m'manja mwa a Nkhandwe, poti iwo ndiwo adali ankhoswe pa ukwati wawo. Zelifa ankawaitana kuti malume. Chichokere mayi ake, mwanayo adasiya kusewera fulaye ndi anzake. Ankabwera ndi matope ouma pakati pa minga. Belu lowerukira likalira, ana ena ankathamanga, koma iye ankapempha kutsuka miphika imene idali yotsuka kale. A Nkhandwe akafika kudzamutenga, ankadzipinda ngati mpira, nkhope ndi miyendo zonse m'kati, ndipo iwo ankamugubuduza ndi ndodo n'kupita naye, uku akupereka moni kwa aliyense panjira.

ANangondo adapita kwa Madamu Nkhanga.

"Madamu, mwana wa Kanungu uja sali bwino."

"Wakuuzani?"

"Sadandiuze. Ndi chifukwa chake ndikuti sali bwino."

"Tiyeni tikamve," adatero Madamu, poti mtima woipa adalibe. Adaima kutsogolo kwa kalasi. "Ana inu, alipo amene sali bwino muno?"

Ana adaimirira n'kuyankha pamodzi kuti ali bwino, kaya aphunzitsi.

"Mwamva nokha, mayi. Onse makumi asanu ndi limodzi."

"Ndamva makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zinayi," adatero aNangondo. Koma Madamu adali atatola kale choko.

Tsiku lotsatira aNangondo adagogoda ku ofesi ya a Njati, nagwada pakhomo, nafotokoza zonse zimene adaona.

"Nkhani ya mwana siikambidwa mwini mwana palibe," adatero a Njati. "Ndiwo mwambo. Tiitane a Nkhandwe."

"Bwana, bwanji muyambe mwamufunsa payekha?"

"Mayi, inu mumatakasa phala, ine ndimatakasa sukulu."

A Nkhandwe adabwera atavala jekete. Adawapatsa mpando. Zelifa adagwada pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Mwanawe, kunyumba ukukhala bwanji?" adafunsa a Njati.

A Nkhandwe adamwetulira, naika ndodo yawo pamwendo. Zelifa adayang'ana ndodoyo.

"Ndili bwino."

"Malume ako akukusunga bwino?"

"Eya."

"Ana amasiye a masiku ochepa amatero," adatero a Nkhandwe modekha. "Wasowa amake, basi. Koma tiwathokoze mayiwa, maso awo ndi akuthwa. Mwina n'chifukwa chake phala lidapserera Lachiwiri."

A Njati adaseka mpaka tebulo lidagwedezeka. ANangondo nawo adaseka pang'ono, poti adaona kuti pamenepo kukwiya sikukadaombola mwana.

M'mawa mwake Zelifa adabwera akutsokomola, minga ina ya kumsana itathyoka. ANangondo adamuyang'ana, mtima udawawawa. Kuthamanga kwawo kudangomuwonjezera mwana mavuto. Adakhala pa chitsa, mthiko uli m'manja, naganiza kuti: ndikafunsa gulu, gulu limamumeza. Ndikafunsa iye, ndodo imamuyankhira. Ndiye kuti pakamwa pali chotsekapo. Nanga mwana ali ndi pakamwa pokha?

Sabata yotsatira idali yotsiriza, sukulu inkatsekera Lachisanu. Lolemba, ana ali pamzere wa phala ndi makapu awo, aNangondo adayambitsa nyimbo. Idali nyimbo yaifupi, yoombera m'manja, yoti ngakhale mwana wa Fulu sakadatsalira. Iwo ankatsogolera potchula dzina la mwana amene wafika pamphika, n'kumufunsa ngati mtima wake wagona m'nyumba kapena wagona panja. Anzake ankavomera pobwereza dzinalo. Mwini dzina sankayankha ndi pakamwa ayi. Ankagogoda kapu ndi supuni: kamodzi ngati mtima wagona m'nyumba, kawiri ngati wagona panja.

Ana adaikonda. Mwana wa Nyani adagogoda kakhumi, nati mtima wake wagona mumtengo. Zelifa atafika, nyimbo idatchula dzina lake, anzake adavomera, ndipo iye adagogoda kamodzi, mofooka.

Lachiwiri nyimbo idamvekanso. Mwana wa Fulu adagogoda kawiri, ndipo aNangondo atamutengera pambali adaulula kuti anzake amamutembenuza chagada akachedwa. ANangondo adawaitana anzakewo, nkhaniyo idatha phala lisanazizire. Zelifa adaona zonsezo. Dzina lake litatchulidwa, adakweza supuni, naigwira m'mwamba nthawi yaitali, koma sadagogode.

Lachitatu adaima kumapeto kwa mzere. Anzake onse adali atapita kukamwa phala lawo, choncho panalibe wovomera. ANangondo adaimba okha, chapansipansi, natchula dzina lake, navomeranso okha. Kapu idalira kamodzi. ANangondo adadikira. Idaliranso.

"Lowa, mwanangu, undithandize kukokota mphika."

M'khitchinimo Zelifa adadzipinda pakona.

"Sindinganene, amayi," mawu adachokera m'kati mwa minga. "Adati ndikauza chilichonse chokhala ndi makutu, adzawadikira amayi anga panjira pobwera."

"Chokhala ndi makutu?"

"Eya."

"Ndiye usandiuze. Ine makutu ndili nawo, ngakhale ndi aang'ono." Adakokera mphika waukulu pafupi naye. "Tauyang'ana mphikawu. Uli ndi makutu?"

Mphuno idatulukira pang'ono. "Ulibe."

"Ndauphikira zaka zisanu ndi ziwiri, sudandiyankhepo. Uuze umenewu. Ine ndikusesa, ndipo ndikamasesa ndimakhala wotanganidwa kwambiri."

Adatenga tsache nayamba kusesa malo amodzimodzi. Zelifa adalowetsa mutu mumphika, nayamba kulankhula, ndipo mphika udakuza mawu ake monga imachitira miphika yopanda kanthu.

Adauuza kuti akaweruka sapita kunyumba. Malume amamugubuduzira kudziwe, amati akukamusambitsa. Amamumiza ndi ndodo kuti asowe mpweya, atambasuke, iwo amudye, poti kumimba kwake kulibe minga. Iye amalimbikira mpaka malume atope. Koma tsiku lililonse amamusunga m'madzi nthawi yotalikirapo. Ndipo malumewo adamuuza kuti akungodikira Lachisanu, chifukwa patchuthi palibe woitana maina m'kaundula.

Tsache lidaima.

"Mphika wamva," adatero aNangondo. "Ndipo ukuti ndikuuze zinthu ziwiri. Choyamba, iwe sudalakwe kanthu. Chachiwiri, lero sukupita kudziwe."

A Nkhandwe atafika masana, aNangondo adawachingamira akupukuta manja.

"Pepani bambo, mwana wanu watuluka tizilonda. Madamu akuti mwina n'chikuku. Inu mudadwalapo?"

A Nkhandwe adabwerera m'mbuyo masitepe awiri. "Agone kwanu lero. Koma mawa ndimutenga, chikuku kapena ayi."

"Mawa akhala atachira. Chikuku cha a Kanungu sichichedwa."

Madzulo amenewo aNangondo adatenga chipanda chouma, cha msinkhu wa Zelifa akadzipinda. Adapita kukathyola chitedze ndi mbaniro, osachikhudza ndi dzanja, nachidzaza m'chipandamo, natseka pakamwa pake ndi phula. Kunja adamata dothi, nazika minga ya mthethe ponseponse. Zelifa ankayang'ana.

"Ameneyo ndani?"

"Ndi iweyo. Sukudziona kukongola?"

"Ine mphuno ndili nayo."

"Malume ako adaiona liti mphuno yako?"

Mwanayo adatsala pang'ono kuseka.

Lachinayi m'mawa aNangondo adagwadanso pakhomo la ofesi.

"Bwana, ndabwera kudzapepesa. Ndidawaganizira zoipa a Nkhandwe."

"Mwachita bwino kuzindikira," adatero a Njati.

"Ndiye ndimati, mawa potsekera sukulu, m'mawu anu aja amene makolo amawadikira chaka chonse, bwanji muwayamikire pagulu? Ndamva kuti tsiku lililonse amakamusambitsa yekha mwana uja kudziwe, uku akumulangiza mawu okoma. Bambo wotero ndi wosowa."

A Njati adaimika makutu. "Mawu anji?"

"Ine mutu wanga ndi wa phala, sindingawasunge. Akadawamva munthu wophunzira ngati inu, n'kuwabwereza mawa ndendende, makolo akadalira misozi. Koma asakuoneni. Anthu odzichepetsa amachita manyazi."

"Madamu Nkhanga abwere ndi kope," adalamula a Njati. "Alembe liwu lililonse."

Belu lisanalire, awiriwo adatsogola kukabisala m'bango. ANangondo adaika chipanda pakhomo la khitchini, namangirira kapu ya Zelifa pa munga umodzi monga mwini wake ankachitira. Zelifa weniweni adamulowetsa mudengu, nafunditsa nsalu.

A Nkhandwe adafika. "Wachira?"

"Wachira, koma lero wakwiya. Sakuyankha aliyense."

"Ndidazolowera," adatero iwo, nayamba kugubuduza ndi ndodo. Kapu inkalira panjira. ANangondo adasenza dengu natsatira chapatali, akupemphera mumtima kuti dothi lisagamuke msanga.

Atafika padziwe, a Nkhandwe adavula jekete nalipachika bwinobwino. Adayang'ana uku ndi uku. Mawu ofatsa aja adawasiya m'thumba la jekete.

"Dzulo udapuma, eti? Chikuku. Ukuganiza kuti ndine mwana? Kamayi ka phala kaja kakukunamiza. Kangakuchitire chiyani, ndi mthiko?"

M'bango, Madamu Nkhanga adayang'ana a Njati. A Njati adanong'ona kuti, "Lembani, mwina akuyamba ndi nthabwala."

"Kapena ukudalira chimutu cha nyanga chija? A Njati ukawauza kuti alankhula bwino, ukhoza kuwadyera mwana pamphuno, adzakufunsa ngati wakhuta. Nanga Nkhanga? Amafunsa ana makumi asanu ndi limodzi funso limodzi, n'kumati waweta."

Pensulo ya Madamu idaima. Kenaka idayambanso kuyenda, mwachangu.

"Mawa atseka sukulu. Loweruka ndidzakhala nditatsuka mano. Amako akabwera ndidzalira nawo, ndidzapempheranso pamaliro. Tiye, lowa, tione lero upirira mpaka pati."

Adakankhira chipanda m'madzi nachikanikiza ndi ndodo. Chidavuuka. Adachikanikizanso, chidavuukira mbali ina.

"Waphunzira kusambira?"

Adataya ndodo nachigwira ndi manja. Minga idawabaya. Ukali udawakwera, adaiwala zodikira Loweruka, nachiluma ndi mphamvu zawo zonse. Chipanda chidasweka, ndipo chitedze chidawathira m'kamwa, m'mphuno, m'makutu ndi m'khosi monse.

Pomwepo bango lidagawikana, a Njati adatulukira, matope ali m'maondo.

"A Nkhandwe, muli bwanji?"

A Nkhandwe adaimirira chilili. Nkhope idayamba kugwedera yokha.

"Ndili bwino, bwana."

"Mukuoneka ngati mukufuna kukanda."

"Ayi, ndili bwino ndithu." Mwendo wakumbuyo udakwera wokha kukhutu, iwo adaubweza.

"Kandani, musachite manyazi," adatero aNangondo akutula dengu. "Kudziletsa kumapweteka. Funsani ana."

A Nkhandwe adadzigwetsa pansi nayamba kugubuduzika, popanda wowathandiza ndi ndodo. Koma nzeru zawo zidali zisanathe. Ali chikandire adati, "Bwana, mwandipeza ndikusewera ndi chipanda. Kodi kulankhula ndi chipanda ndi mlandu? Ndimadziwa kuti si mwana. Mufunseni mwini wake ngati ndidamulakwirapo. Mubwere naye pano, anene ndikumuona."

A Njati adazengereza. "Mwambo umati mwini mwana akhalepo."

"Akhalepo, bwana," adatero aNangondo. "Koma kodi mwambo umanena kuti mphunzitsi wamkulu aime pati?"

Ulendo uno a Njati adamva. Adayenda pang'onopang'ono naima chopingasa pakati pa a Nkhandwe ndi dengu. Thupi lawo lidatseka zonse, jekete ndi ndodo yomwe. Kenaka adapinda maondo, natsitsa mutu wawo waukulu mpaka udafika pa msinkhu wa dengulo.

ANangondo adavundukula nsalu. Zelifa adali atadzipinda.

"Mwanawe," adatero a Njati, ndipo mawu awo adali aang'ono kuposa masiku onse, "tsiku lija ndidakufunsa moipa. Ndikhululukire. Uyu ali kuseri kwangayu sadzakukhudzanso, ndipo amako sadzayenda okha panjira. Ndidzakawatenga ndine."

Kuseri kunkamveka kukanda kokhakokha. ANangondo adayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamzere ija, osatchula mawu, ndipo Madamu Nkhanga adavomera dzina la mwanayo. Mphuno idatuluka. Kenaka maso. Kenaka miyendo inayi. Zelifa adatuluka mudengu naima pansi.

"Sindili bwino, aphunzitsi," adatero. "Chichokere amayi sindidakhalepo bwino."

Ndipo adanena zonse, kuyambira tsiku loyamba, kwa nyama zitatu zokhala ndi makutu. A Nkhandwe adayesa kutsokomola kuti amuopseze. Zelifa adakweza mawu napitiriza. Madamu adalemba mpaka kope lidadzaza, misozi ikugwera pamapepala.

Lachisanu makolo adasonkhana. A Njati adalankhula mawu aafupi kuposa zaka zonse, ndipo ndi okhawo amene makolo adawakumbukira. Madamu adawerenga za m'kope, osadumpha ngakhale za chimutu cha nyanga. Akuluakulu adagamula kuti a Nkhandwe achoke m'dzikomo, asadzayandikirenso pamene pali ana, ndipo a Njobvu awiri adawaperekeza mpaka kumalire, akukandabe. Adagamulanso kuti mwana akafuna kunena za kumtima, azisankha yekha womuuza, ndi kuti amene akudandaulidwayo azidikira panja. Ena adati aNangondo akhale wapampando watsopano. Iwo adakana, nati pampando sipaoneka milomo ya ana.

Tsiku lomwelo a Njati adanyamuka kukatenga mayi Kanungu. Ulendo udali wa masiku anayi, ndipo masiku anayiwo Zelifa adakhala kwa aNangondo. Ndi pamene zidadziwika kuti mwanayo adali wolongolola kuposa ana onse a pasukulupo. Adafotokoza maloto ake. Adafunsa chifukwa chake mchira wa Likongwe uli wautali. Adanena kuti aNangondo amaimba mokweza kwambiri pa mzere wachiwiri, ndi kuti chipanda chija adachiumba chonenepa kuposa iye.

"Mwanawe, sutopa?"

"Ayi. Ndidasunga zambiri."

"Ndiye tulutsa. Koma upumeko ndimwe madzi."

Mayi Kanungu adafika atakwera pamsana pa a Njati. Adatsika mawu opepesa ali okonzeka pakamwa. Zelifa adawathamangira, nawagwera ndi mimba yake yopanda minga, ndipo asananene kanthu iye adayamba: "Amayi, khalani pansi. Ndiyambira pachiyambi, ndipo musandidule."

Mayi Kanungu adakhala pansi. A Njati nawo adakhala pansi. ANangondo adapita kukatereka madzi, poti adadziwa kuti nkhaniyo siitha msanga.

Mayi amene adandiuza uja adalekera pamenepa, ndipo ine sindiwonjezerapo. Mulungu asunge ana athu onse, apite kusukulu ndi kubwerako mumtendere. Yathera pompa, kaoneni mbatata zanu zisanapserere.